Sukulu ya boma, ya mishoni kapena yolipira: chisankho cha makolo a ku Kauma

Mwana akakwanitsa zaka 6, zomwe ndi zaka zoyambira Sitandade 1 m'Malawi, makolo a ku Kauma amakumana ndi funso lomwe mabanja a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona akhala akulimbana nalo kwa nthawi yaitali, loti mwanayo apite kusukulu ya boma kumene maphunziro ndi aulere koma ana ndi ochuluka, kapena kusukulu yoyima payokha kumene kalasi ndi yaing'ono koma fizi imafunika teremu iliyonse. Funsoli limavuta kwambiri ku Kauma chifukwa ambiri mwa anthu okhala kumeneko amapeza ndalama kudzera mu ulonda, ntchito za m'nyumba, umisiri, maganyu ndi malonda ang'onoang'ono, ndipo ena mwa iwo amaona tsiku ndi tsiku ana a mabwana awo a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 akupita pagalimoto kusukulu zodula.

M'mayiko ena muli mtundu wa sukulu womwe uli pakati pa mitundu iwiriyi. Ku America sukulu zotere amazitcha charter, ndipo zinayamba pamene dera la Minnesota linakhazikitsa lamulo lozivomereza mu 1991. Sukulu ya charter imalandira ndalama za boma ndipo silipiritsa fizi, koma imayendetsedwa ndi bungwe kapena gulu la anthu lomwe lasayina pangano loti lidzaphunzitsa ana mpaka pamlingo wakutiwakuti, ndipo panganolo likaphwanyidwa sukuluyo itha kutsekedwa. Ofuna malo akachuluka, ana amasankhidwa pochita maere. Kafukufuku yemwe akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anatulutsa mu 2009 anaonetsa kuti sukuluzi zinkasiyana kwambiri, zina zikuposa sukulu wamba za boma, zambiri zikufanana nazo, ndipo zina zikuchepekera.

Chomwe chimayandikira dongosolo limeneli kuno kwathu ndi sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma, zomwe mbiri yake ndi yakale kuposa ya sukulu za boma zenizenizo. Mishoni ya Livingstonia inafika mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ya Dutch Reformed inakhazikika ku Mvera mu 1889, ndipo boma la atsamunda linadzatsegula dipatimenti ya maphunziro mu 1926, mipingo itaphunzitsa kale anthu kwa zaka 50. Mpaka lero sukulu zambiri za pulayimale m'dziko muno mwini wake ndi mpingo, monga Katolika, CCAP kapena Anglican, pamene aphunzitsi amatumizidwa ndi kulipidwa ndi boma, silabasi ndi ya boma, ndipo mwana wa chipembedzo chilichonse ali ndi ufulu wolembetsa. Mphamvu ya mpingo imaonekera pa mwambo, pa kusamalira nyumba za sukulu ndi pa kukhala ndi mawu pa utsogoleri wake. Kusiyana kwake ndi sukulu za charter n'kwakuti palibe pangano la zaka zowerengeka lomwe lingatsekere mpingo sukulu chifukwa ana sakukhoza, ndipo m'makomboni a mumzinda, momwe anthu anachuluka mofulumira popanda malo osungidwira chitukuko, sukulu ya mishoni imadzaza chimodzimodzi ndi ya boma.

Kudzaza kumeneku kuli ndi chiyambi chodziwika. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi omwe anali asanapite kukoleji, n'kumawaphunzitsa ali kale pantchito, koma zipinda zophunziriramo sizinamangidwe pa liwiro lomwelo. Ngakhale cholinga cha Unduna wa Zamaphunziro ndi choti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, m'makalasi oyambirira a m'tauni si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi m'chipinda chimodzi, kapena akuphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti mwana aliyense ayenera kupita kusukulu ya pulayimale, koma lamulo silionjezera madesiki. Komanso ulere wa sukulu ya boma wakhala uli ndi malire ake, popeza kwa zaka zambiri makolo ankapemphedwa ndalama za chitukuko, za mlonda kapena za mayeso, kuphatikiza pa makope ndi yunifolomu.

Mpata umenewu ndi womwe sukulu zolipira za m'makomboni zinalowapo. Zambiri zimayambira m'nyumba ya lendi kapena m'tchalitchi ngati sukulu ya mkaka, kenako mwini wake amatsegula Sitandade 1 kuti ana omwe anali nawo asachoke, ndipo chaka ndi chaka amaonjezera kalasi ina. Chomwe chimakopa makolo koposa zonse ndi Chingerezi, chifukwa mwana wa zaka 5 akamapereka moni ndi kulakatula masiku a sabata m'Chingerezi, kholo limaona ngati ndalama zake zayamba kubala zipatso. Koma kuloweza n'kosiyana ndi kuwerenga. Akatswiri a maphunziro a ana aang'ono amagwirizana kuti mwana amaphunzira msanga kulumikiza zilembo ndi maliwu m'chiyankhulo chomwe amamva, ndipo luso limenelo amalisamutsira ku chiyankhulo chachiwiri. Chichewa chili ndi mwayi woti mawu ake amalembedwa monga momwe amatchulidwira, kotero mwana wodziwa maphatikizo atha kuwerenga liwu lomwe sanalionepo, pamene m'Chingerezi chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana. Ndondomeko ya dziko pankhaniyi yakhala ikusintha, popeza mu 1996 Unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo, kenako lamulo la 2013 linaika Chingerezi patsogolo, ngakhale m'makalasi oyambirira a boma Chichewa ndi chomwe chimamvekabe kwambiri.

Izi sizitanthauza kuti sukulu ya boma imaphunzitsa kuwerenga bwino nthawi zonse. Kafukufuku wa luso la kuwerenga yemwe anachitika mu 2010 anapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la nkhani yaifupi ya Chichewa, ndipo zotsatira zotere ndi zomwe zinachititsa kuti mu 2016 boma, mothandizidwa ndi bungwe la USAID, likhazikitse pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira, yokhala ndi mabuku atsopano ndi maphunziro apadera a aphunzitsi. Njira yake ndi yabwino, koma mphunzitsi waluso yemwe ali ndi ana 120 sangathe kumvetsera aliyense akuwerenga, ndipo mwana wamanyazi wokhala kumbuyo atha kumaliza chaka osaitanidwa dzina.

Pankhani ya aphunzitsi mbali zonse ziwiri zili ndi zake. Mphunzitsi wa boma amakhala atadutsa kukoleji ya aphunzitsi, monga ya Lilongwe yomwe ili ku Area 25, ndipo amayenderedwa ndi mlangizi wa sukulu za m'zoni yake. Kusukulu yolipira ya mtengo wotsika kutha kupezeka mnyamata yemwe wangolemba Fomu 4, wolandira malipiro ochepa ndipo wokonzeka kuchoka akangopeza ntchito ina, komanso kutha kupezeka mphunzitsi wa satifiketi yemwe akudikira kuti boma limulembe ntchito, popeza omaliza maphunziro a uphunzitsi akhala akudikira zaka asanatumizidwe. Kholo lili ndi ufulu wofunsa za zimenezi, monganso lili ndi ufulu wofunsa ngati sukuluyo inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro ndiponso ngati ili ndi chilolezo cholembetsa ana mayeso a Sitandade 8 ku bungwe la MANEB. Kukhala membala wa bungwe la ISAMA, lomwe limasonkhanitsa eni sukulu zoyima pazokha, sikulowa m'malo mwa chilolezo cha boma.

Nkhani ya fizi iyenera kuwerengedwa kwa zaka zonse za pulayimale, osati kwa teremu imodzi. Banja lodalira maganyu litha kulipira teremu yoyamba ndi yachiwiri, koma ndalama zikavuta mwana amabwezedwa kunyumba kwa masabata angapo, ndipo pomaliza amasamutsidwira kusukulu ya boma atazolowera mabuku ena ndi kaphunzitsidwe kena, mwina osadziwa kuwerenga Chichewa. Mwana wotere amataya zambiri kuposa mnzake yemwe anakhazikika pasukulu imodzi ya boma, makolo ake n'kumagwiritsa ntchito ndalama zochepa zomwe ali nazo pomugulira mabuku ndi kuonetsetsa kuti wadya asananyamuke. Mtunda nawonso ndi wofunika, makamaka m'nyengo ya mvula pamene njira za ku Kauma zimaterera, chifukwa mwana wa zaka 6 amene akuyenda kutali amayamba kujomba.

Pali chinthu chimodzi chomwe kholo la kusukulu ya boma kapena ya mishoni lili nacho koma kawirikawiri silichigwiritsa ntchito, ndicho mawu ake. Sukulu zimenezi zili ndi komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi komanso gulu la amayi, ndipo komitiyo imatenga nawo mbali pokonza momwe ndalama zotukulira sukulu zochokera kuboma zigwirire ntchito. Kusukulu yolipira mwini sukulu ndiye amagamula zonse, ndipo kholo losakhutira lingathe kudandaula kapena kuchotsa mwana basi. Ku mbali zonse, mphunzitsi wamkulu yemwe salola kholo kuona kalasi ya Sitandade 2 ili mkati, kuona zimbudzi, ndi kumva ana awiri kapena atatu akuwerenga tsamba lomwe sanaloweze, ayenera kufunsidwa chifukwa chake mwana asanalembetsedwe mu Seputembala.