Kodi chomangira chimafooketsa mwendo wa msilikali?

Pakati pa asilikali pamamveka mawu akuti wovala chomangira pakakolo, chija achipatala amati brace, akudzifooketsa yekha, ati mwendo ukazolowera kugwiridwa umachita ulesi. Onena izi ali ndi poyambira. Aliyense amene anavalapo chikhakha amadziwa mmene mwendo umaondera pochichotsa.

Komatu chikhakha chimaumitsa mwendo kwa masabata, usana ndi usiku. Chomangira chimavalidwa pa nthawi ya ntchito yoopsa yokha, ndipo phazi limapinda bwinobwino chokweza ndi chotsitsa. Chimene chimaletsedwa ndi kupotokera m'mbali, kumene munthu amabinyira.

Ubwino wa chomangira anauyesa ku Fort Benning, m'dziko la America, kusukulu ya asilikali odumpha ndi parachuti, kumene akakolo amavulala kwambiri potera. Mu 1993 ophunzira 777 anagawidwa pawiri, ena n'kupatsidwa chomangira chovala kunja kwa jombo. Mwa osavala, pafupifupi awiri pa 100 alionse anabinya. Mwa ovala, sanakwane ndi mmodzi yemwe pa 100. Panalinso mantha akuti kakolo akamangidwa, mphamvu yotera ikaphulikira pabondo. Kafukufuku wotsatira, wa asilikali masauzande ambiri, sanapeze zimenezo, koma anaona kuvulala kwa akakolo kukutsika pafupifupi ndi theka. Msilikali mmodzi wopulumuka pamenepa ndi munthu amene sadzatsimphina mpaka ukalamba, ndipo kwa ine zimenezi n'zazikulu.

Ena amati jombo yaitali ndi yokwanira. Ku Israel anayerekeza ophunzira usilikali ovala jombo ndi ovala nsapato zamasewera, ndipo anabinya mofanana.

Palinso ena amene amachikhulupirira chomangira mopitirira. Mu 2004 kunatuluka zotsatira za ophunzira 100 a m'masukulu atatu a usilikali ku America omwe anachitidwa opaleshoni yolumikiza mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL. Ovala chomangira cha pabondo pobwerera ku ntchito zolimba sanachire kuposa anzawo osavala. Bondo limabwezedwa ndi mafizo, amene amalimbitsa minofu ya ntchafu ndi kuuphunzitsanso mwendo kuima osagwedera.

Inu amene munabinyapo, dziwani kuti kakolo wotere sachedwa kubinyanso, makamaka m'chaka choyamba. Valani chomangira popanda manyazi mukamadumpha kapena kuyenda ndi katundu m'miyala, koma chikhale chokuyesani achipatala, ndipo mafizo musawasiyire panjira ululu ukangotha.