KONGOLETSANI KHOMA LA KUCHIPINDA NDI MANJA ANU

Tsiku lina tisanaweruke ku madrasa tidafunsa ana kuti atiuze chinthu chimene amayamba kuona akadzuka m'mamawa. Ambiri adati khoma lopanda kanthu, pamene ena adati chithunzi cha woyimba chong'ambidwa m'nyuzipepala. Titacheza ndi makolo awo, yankho lidali limodzi: zokongoletsa za m'sitolo n'zodula, ndipo munthu sangatenge ndalama ya feteleza wa kachewere n'kukagulira chopachika pakhoma.

Izi n'zoona, makolo anzathu, koma ife a kuno ku Dedza tisaiwale kuti luso lojambula pakhoma lidayamba kalekale m'mapiri athu omwewa. Ku Chongoni kuli malo 127 amene anthu akale adajambula pamiyala, monga ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Zojambula zofiira, zomwe akatswiri amati n'za Akafula, zambiri ndi mizere ndi timikombero basi. Anthuwo adalibe sitolo, koma ntchito yawo ikuonekabe mpaka lero.

Mizere ndi mikombero imatiyeneranso ife Asilamu, popeza timapewa kupachika zithunzi za anthu ndi nyama m'nyumba. Chosavuta kuyambira ndi nyenyezi ya nsonga 8, yonga imene ana amaiona m'mabuku ambiri a Qur'an pogawa zigawo zowerenga.

Pezani katoni yolimba kugolosale ndipo muikute ndi kansalu koyera. Pemphani tizidutswa ta chitenje kwa atelala, poti ambiri amangotitaya. Dulani mapepala awiri a mbali zinayi zofanana, musanjike limodzi pamwamba pa linzake molipotoza kuti ngodya zonse 8 zionekere, kenaka mulembe m'mphepete mwake ndi pensulo. Chivundikiro cha mphika chikuthandizani kujambula mkombero wozungulira nyenyeziyo. Tsopano matani nyemba zofiira m'mizere, mawere kapena mpunga m'kati, ndipo nthanga za maungu zikhale ngati maluwa m'ngodya. Chitenje chija chizungulire m'mbali. Felemu yake ndi timitengo tinayi ta nsungwi tomanga ndi ulusi. Ntchitoyi siyofuna phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikuchenjezeni ndi cholakwa chathu chomwe. Ulendo woyamba tidamata ndi phala la ufa wa chinangwa, koma pasanathe mwezi mphemvu zidali zitanyambita phala lonse, anankafumbwe nawo ataboola mbewu, nyenyezi n'kuyoyokera pansi. Ana adalira. Kuyambira pamenepo timayamba takazinga mbewuzo pang'ono m'chiwaya, timamata ndi guluu wa akalipentala, ndipo zikauma timapaka vanishi. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno, makamaka mu Juni ndi Julayi, nkhungu ndi mawawa zimabweretsa chinyezi chomwe chimachititsa katoni chuku. Choncho pachikani pakhoma la m'kati, kutali ndi windo, ndiponso kutali ndi koloboyi kapena kandulo poopa moto.

Ena amafuna kulembapo mawu a Chiarabu. Ndi bwino mwana kulemba dzina lake kapena zilembo zimene akuphunzira. Koma ma ayah a Qur'an ndi dzina la Allah n'zofunika ulemu waukulu: zisakhale kumiyendo kwa bedi kapena mphasa, ndipo zikang'ambika zisatayidwe kudzala. Ngati mukukayika, funsani ashehe a pamzikiti wanu.

Phindu lalikulu tidaliona mwa anawo. Mtsikana wina amene ankavutika kusiyanitsa zilembo adazidziwa atazimata yekha ndi mawere, chimodzichimodzi, madzulo atatu. Mayi ake adatiuza kuti tsopano amasesa kuchipinda popanda womutuma, poti safuna fumbi pa ntchito yake.

Bambo ndi mayi, patulani madzulo amodzi sabata ino, mukhale pamphasa ndi ana anu, katoni ndi nyemba zili pakati. Insha Allah, mwana akadzuka adzayamba kuona chinthu chimene mudapangira limodzi.