Chipsera cha msilikali wako chinachokera kuti?

Masewero a nkhani zopeka a pa intaneti onse amayambira pamodzi. Usanamenye nkhondo kapena kukwera chinjoka chouluka, umayamba wapanga munthu wako, uja kusukulu tinkamutcha mpangankhani. Umamupatsa dzina, mtundu, kwawo ndi maonekedwe. M'masewero monga The Elder Scrolls Online a 2014 kapena Baldur's Gate 3 a 2023 umangosankha pa sikirini, zipsera ndi matatuu zili ndandanda ngati malaya a pa kaunjika. Koma m'magulu osewera polemba, a pa Discord, Facebook ngakhale WhatsApp, maonekedwewo umawalemba wekha, ndipo woyendetsa gulu amayamba wawerenga asanakulowetse.

Ine ndine mmodzi wa oyendetsa gulu lotere, ndipo zimene anthu amatumiza zimakonda kufanana: tatuu thupi lonse, mano osongoka, ndolo khumi khutu limodzi, chipsera chodutsa pa diso, mkono wachitsulo. Ndikafunsa kuti zimenezi zinabwera bwanji, yankho limakhala lija lomwe: "Aaa akulu, si gemu basi? Zikungooneka bho." Ena amakwiya, amati ndikuwapanikiza. Komatu funsoli sindifunsa pofuna kuvuta munthu. Chizindikiro chilichonse cha pathupi chili ndi amene anachiika, tsiku lake ndi mtengo wake. Ukazidziwa zimenezi, munthu wako amakhala wamoyo. Ukapanda kuzidziwa, wangomuveka zinthu ngati chidole cha m'sitolo.

Chifukwa choyamba ndi chilungamo. Masewerowa sasewera munthu mmodzi. Wina akalemba kuti munthu wake ali ndi mkono wachitsulo, mawa pankhondo adzanena kuti lupanga silimutema. Wa mano osongoka adzaluma mdani. Wa tatuu yowala adzati imamuteteza ku matsenga. Chimene chinalowa ngati chokongoletsa chasanduka chida, ndipo anzake amene analemba anthu wamba aluza asanayambe n'komwe. N'chifukwa chake Dungeons & Dragons, masewero a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974, omwe ndi kholo la ambiri mwa masewerowa, amaika zinthu zotere pansi pa malamulo. Buku lawo la 2020, Tasha's Cauldron of Everything, lili ndi matatuu amatsenga, koma amawerengedwa ngati zida zamatsenga zina zonse, zomwe munthu amayenera kuzipeza m'nkhani. Sizibwera zaulere.

Chachiwiri, dziko lopeka nalo lili ndi malamulo ake. Tangoganiza: m'dziko limene wansembe amaika dzanja pa bala n'kupola pomwepo, chipsera chako chinatsala bwanji? Mu Dungeons & Dragons muli matsenga otchedwa Regenerate amene amameretsa mkono wodukiratu. Ndiye msilikali wako akuyenderanji ndi wachitsulo? Apa ndi pamene nkhani imabadwira. Mwina ndi wosauka, ndipo amatsenga otere amapezeka ku likulu kokha. Mwina analumbira kuti sadzapoletsa balalo mpaka atapeza amene anapha mchemwali wake. Mwina mkonowo anamusulira ndi bambo ake asanamwalire, ndipo kuuchotsa kuli ngati kuwaikanso m'manda kachiwiri. Yankho lililonse mwa awa likupatsa anzako chogwira: ngongole, mdani, chisoni.

Mbiri yeniyeni ili ndi zitsanzo zoposa zimene tingapeke. Msilikali wa ku Germany, Götz von Berlichingen, anaduka dzanja lamanja pa nkhondo ya ku Landshut mu 1504, namupangira lachitsulo, n'kupitiriza usilikali zaka zambiri. Mu 1991, m'mapiri a Alps pakati pa Italy ndi Austria, anthu anapeza mtembo wa munthu amene anafa zaka zoposa 5,000 zapitazo, yemwe anamutcha Ötzi. Pathupi pake pali zizindikiro 61, zambiri timizere takuda ta kumsana, m'mawondo ndi mu akakolo, malo amene mafupa ake anali operepeseka. Ofufuza ambiri amaganiza kuti zinali zochizira ululu. Aliyense amene anaonapo mphini za kwa sing'anga pamsana pa agogo ake sangadabwe nazo.

Apa ndiye pali chifukwa chachitatu, chimene ine chimandikhudza kwambiri. Zambiri zimene osewera amamata pa anthu awo ndi za anthu enieni. Zolemba za kumaso za Amaori a ku New Zealand, tā moko, zimanena za mzere wa makolo a munthu ndi udindo wake. Mbale ya pamlomo ndi ya amayi a mtundu wa Mursi ku Ethiopia. Ayoruba a ku Nigeria ankatema kumaso kuti munthu adziwike banja ndi mzinda wake, ngakhale lamulo la dzikolo loteteza ana la 2003 linaletsa kutema ana zizindikiro. Kwathu kuno nakonso zilipo. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza amayi Achimang'anja atavala pelele pa mlomo wam'mwamba. Amayi Achiyao amadziwika ndi chipini pamphuno, Angoni ankaboola makutu, ndipo akazi Achichewa ankatema mphini kumaso ndi pathupi pofuna kukongola.

Tsono chimandiwawa n'chakuti m'nkhani zambiri zopeka, zizindikiro zotere amapatsa zilombo, odya anthu ndi mitundu yolusa ya kutchire, pomwe mfumukazi yabwino imakhala ya khungu losalala. Mnyamata wa ku Zomba kapena ku Chipata akalemba kuti mdani wa m'nkhani ali ndi mphini kumaso "kuti azioneka woopsa", wabwereza maganizo a azungu akale okhudza agogo ake osadziwa. Sindikuletsa kutenga za kwathu kapena za kwa ena. Filimu ya Black Panther ya 2018 inatenga zambiri: mkulu wina wa ku Wakanda wavala mbale pamlomo pamodzi ndi suti, ali pabwalo la mfumu ngati munthu wolemekezeka, ndipo zipsera za Killmonger zili ndi tanthauzo, chilichonse chikuimira munthu amene anamupha. Tenga, koma utenge ndi tanthauzo lake, ndipo pamene chinthucho n'chopatulika kwa eni ake, monga tā moko, peka chako m'malo mokopera.

Ndiye ulembe bwanji? Ine ndimapempha mayankho a mafunso anayi. Anachiika ndani? Liti, ndipo pa chifukwa chanji? Chinamudyera chiyani, kaya ndi ndalama, ululu kapena ubale? Nanga anthu akachiona amati chiyani? Funso lomalizali ambiri amaliiwala, koma ndi limene limayendetsa masewero. Chizindikiro chimene kwawo chimamupatsa mpando wapamwamba, kumzinda wina chingamutseketse chipata.

Taona kusiyana kwake. Wina alemba kuti: "Ali ndi mizere itatu patsaya." Wina alemba kuti: "Ali ndi mizere itatu patsaya lamanzere, imene amalume ake anamutema tsiku limene anawolotsa bwato yekha koyamba. Kwawo kunyanja imasonyeza kuti ndi mlondo wa padoko, koma ku likulu amaiphimba ndi mpango chifukwa asilikali a mfumu amasaka anthu a fuko lake." Ziganizo ziwiri zokha, bandulo siinathe, koma ine monga woyendetsa ndapeza kale zochita: mphepo idzaulutsa mpangowo pachipata, ndipo tidzaona amene adzamuteteze. Akuluakulu anati mphini yobwereza ndiyo imawala. Chizindikiro chimene unalemba tsiku loyamba chizibweranso m'nkhani, chizimutsegulira makomo ena n'kumutsekera ena.

Pali malire awiri amene ndimasunga. Oyamba ndi a ulumali. Ngati munthu wako anabadwa ndi mwendo umodzi, ndi wachialubino kapena amayendera njinga ya olumala, safunika kupepesa kapena kukhala ndi mbiri yomvetsa chisoni kuti aloledwe. Anthu otere alipo m'dziko lenileni, ndipo m'dziko lopeka ali ndi malo. Chimene ndimafunsa ndi chokhacho chimene chikumupatsa mphamvu zoposa anzake. Achiwiri ndi a msinkhu. Discord imalola ana kuyambira zaka 13 m'mayiko ambiri, choncho m'gulu mungakhale mwana wa Fomu 1. Nena kuti munthu wako anatemedwa mphini, koma usafotokoze magazi ndi lumo mwatsatanetsatane ngati ukuphunzitsa wina kuchita. Nthawi zina wosewera amene amangolemba za kudzicheka amakhala akunena za iye mwini, ndipo woyendetsa wanzeru amamulankhula pambali mwachifundo.

Amene amadandaula kuti mafunsowa amachotsa kukoma kwa gemu ndimawamvetsa. Munthu wabwera kudzapuma, watopa ndi sukulu kapena ntchito, ndiye wina akumupatsa homuweki. Sikuti chilichonse chimafuna mbiri yaitali ayi. "Anaboola khutu chifukwa anzake onse anaboola" ndi chifukwa chokwanira, ndipo chikutiuza kale kuti ndi munthu wotengeka ndi gulu. Ngakhale "analedzera, anadzuka ali nayo tatuuyo, ndipo mpaka lero sadziwa tanthauzo lake" ndimavomera ndi manja awiri, chifukwa tsiku lina adzakumana ndi munthu wodziwa kuiwerenga.

Choncho usanatumize munthu wako watsopano, muyang'ane kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo pa chizindikiro chilichonse ulembe chiganizo chimodzi chonena kumene chinachokera. Chimene chasowa chiganizo, chichotse kaye. Nkhondo zikubwera, adzachipeza m'masewero momwemo, anzako akuona.