GALIMOTO YA MUNTHU MMODZI IKUDYA MPAMBA PA MSEWU WA MCHINJI

Imani m'mbali mwa msewu wa M12 pa Kamwendo cha m'ma 6 koloko m'mawa, muone galimoto zimene zikulowera ku boma ndi ku boda. Zina ndi za matola, zodzaza anthu ndi matumba mpaka chitseko cha kumbuyo achita kumanga ndi linya. Koma palinso zina zimene zimadutsa magalasi ali chitsekere, wailesi ikulira, m'katimo muli munthu mmodzi yekha, mipando inayo ikungonyamula mphepo. Kale tikaona zotere timati adutsawo ndi abwana a m'boma kapena a pa esiteti ya fodya. Lero ena mwa iwo ndi anzathu a geni, ogulitsa kaunjika, zitenje, feteleza ndi zipangizo za njinga, amene mwayi unawagwera n'kugula kagalimoto kochokera ku Japan.

Ine sindikunyoza galimoto ayi. Munthu amene wakhala zaka akukwera pamwamba pa matumba a soya mu lole, fumbi lili m'maso, ali ndi ufulu wolakalaka mpando wofewa. Koma poyenda m'misika ya kuno kwa Inkosi Zulu ndi ya ku Lilongwe, ndaona okala zimene zinali zodzaza zikuyamba kuphwa patangopita miyezi yochepa mwini wake atagula galimoto. Anthu amanong'onezana, ati ndi chitaka. Chitaka chake abale chili poyera, masana dzuwa likuswa mtengo, pamalo omwetsera mafuta.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ife a geni masamu a ndalama satisowa. Mu November 2023, boma litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, petulo anafika pa K2,530 pa lita, ndipo kuchokera apo wakweranso. Tigwiritse mtengo wakalewo kuti wina asati ndikukokomeza. Tinene kuti kwanu ndi kumsika kwatalikirana makilomita 20, kupita ndi kubwera 40, ndipo kagalimoto kanu kamwa malita atatu. Imeneyo ndi K7,590 pa tsiku. Masiku 26 a geni pa mwezi ndi K197,340. Apo simunagule tayala, simunasinthe oyilo, simunalipire inshuwalansi ndi COF, makaniko sanakuoneni. Ndiuzeni, ndi madiresi angati a mu belo amene muyenera kugulitsa kuti phindu lake lokha lifike pamenepo? Tsono ndalama yomweyo mukaigawa kwa anthu anayi, aliyense satulutsa ngakhale K50,000.

Achikulire akukumbuka kuti msewu uno unali ndi basi za UTM, zimene zinali ndi nthawi yake, ukachedwa ndiye wagona pa siteji. Mu 1989 kampaniyo inatengedwa ndi Stagecoach, kenako inasanduka Shire Bus Lines, imene inadzagwa m'zaka za m'ma 2000. Pamene matipate amalowa mu 1994, geni inamasuka, aliyense wokhala ndi kandalama anagula minibasi, ndipo kayendedwe ka aMalawi kanagwera m'manja mwa madalaivala, makondakitala ndi anyamata oitanira. Tili momwemo mpaka lero, kungoti pa minibasi pawonjezeka ma Sienta ndi njinga zamoto.

Minibasi ndiyo yotchipirako pa ulendo wautali ngati wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 110, kudzera pa Namitete ndi Msundwe. Vuto lake tonse tikulidziwa: siinyamuka isanadzaze. Umalowa utaona mitu ya anthu m'katimo, kenako n'kuzindikira kuti theka lawo ndi anyamata ongokhalira kukopa anthu, akutsika mmodzimmodzi. Kwa munthu wa pa ofesi kuchedwa ndi kukalipiridwa basi, koma kwa mayi wa tomato ndi masamba, ola limodzi la m'mawa ndiye geni yonse. Ma Sienta amadzaza msanga n'kuthamanga, n'chifukwa chake ambiri awakonda, ngakhale kuti galimoto ya anthu asanu ndi awiri amaiyesa basi, wina kukhala mpando umodzi ndi dalaivala, giya ili pakati pa miyendo.

Pa mtunda waufupi, kabaza wa njinga yakapalasa sanagonje. Kuno ku Mchinji malo ambiri ndi a chidikha, njinga imayenda bwino, ndipo mnyamata wa kabaza amene mwazolowerana naye amabwera pakhomo m'mamawa osamuitana, n'kulandira ndalama yake madzulo mutagulitsa. Ndi minibasi iti ingakukongozeni? Amene ali ndi mphamvu m'miyendo ndipo katundu wake amagona kumsika, njinga yakeyake ndiyo yoposa zonse, poti mafuta ake ndi nsima ya dzulo.

Za njinga zamoto ndiyankhula mosapsatira. Zimafulumira, zimalowa m'njira zimene galimoto singayerekeze nthawi ya dzinja, ndipo zapatsa achinyamata ambiri chochita. Koma pitani ku chipatala cha Kamuzu Central mukafunse a mawodi a mafupa kuti akuwadzazira mabedi ndani. Ambiri mwa oyendetsa sanapite ku sukulu yoyendetsa, njinga zina zilibe ngakhale nambala, ndipo chipewa choteteza mutu chimakhala chimodzi, cha woyendetsa, mwina chili chopachika pa chiwongolero. Mukakwera atatu kuphatikiza thumba la mtedza, mwapulumutsa kandalama kochepa, koma mwendo ukathyoka okala imakhala yotseka miyezi itatu ndipo ana kunyumba akudya mpamba. Ine ndimati ngati palibe chipewa chachiwiri, dikirani wina.

Tsono njira imene ndikuiona kuti ikusowa pakati pathu ndi yosonkherana. Anthu anayi kapena asanu a mudzi umodzi, opita msika umodzi, kupangana nthawi imodzi, galimoto imodzi, mafuta n'kugawana. Si zachilendo kwa ife. Timasonkherana pa maliro, pa chinkhoswe, pa chipereganyu ndi ku banki m'khonde. Nanga pa thiransipoti, imene imatidya tsiku ndi tsiku, chikutikanika n'chiyani?

Ndafunsapo funso limeneli kwa anzanga a geni ndipo mayankho ake ndi osaseketsa. Choyamba ndi chinsinsi. Wa geni safuna mnzake adziwe kumene amapikula katundu ndi mtengo wake, kuopa kuti mawa amupeza atayala zomwezo pa benchi yoyandikana. Chachiwiri ndi nthawi: wina amafuna kunyamuka nkhuku zisanatsike, wina mpaka aperekeze ana ku sukulu. Chachitatu ndi ngongole. Mwini galimoto amaopa kuti anzake ayamba zoti "ndikupatsani madzulo achimwene," madzulo n'kukhala mawa, mawa n'kukhala mwezi, chibale n'kutha.

Zonsezi ndi zoona, koma palibe chimene chilibe mankhwala. Kukwera galimoto imodzi sikuti mukalowa sitolo imodzi. Mukafika ku Lilongwe wina alowere ku Malangalanga, wina ku Tsoka, wina ku Area 2, mukumane pa malo amodzi 2 koloko. Za ngongole, mupangane kuti ndalama ya mafuta a sabata yonse iperekedwe Lolemba m'mawa, pamanja kapena pa foni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba wa TNM, ndipo amene wajomba tsiku lina zake zada. Wochedwa adikiridwe mphindi khumi basi. Malamulo ngati amenewa amamveka ouma, koma ndi omwewo amene akusunga magulu a banki m'khonde a amayi zaka ndi zaka. Ndipo amayi ndiwo angapindule kwambiri, poti kuyenda m'bandakucha ndi ndalama za oda m'chitenje, pakati pa anthu osawadziwa, si nkhani yamasewera.

Chenjezo limodzi kwa eni galimoto. Kugawana mafuta ndi anzanu odziwana nawo ndi nkhani ina, kuima pa siteji n'kumaitanira anthu ndi nkhani inanso. Galimoto yonyamula anthu olipira imayenera kulembetsedwa ngati ya bizinesi, ya nambala zofiira, ndi inshuwalansi yake. Mukachita matola ndi galimoto ya nambala wamba, apolisi a pamsewu ali ndi chifukwa chokulipitsani, ndipo tsiku la ngozi a inshuwalansi akhoza kukukanirani. Eni ma Sienta ndi anyamata a pa siteji nawonso sakusiyani muwadyere m'mbale.

Kwa amene geni yawo ndi ya ku Chipata, kupita wekha pa galimoto ndiye kuononga kwenikweni. Kuchokera pa boma kufika pa boda ndi makilomita ngati 12 okha, ndipo galimoto zosonkherana zimapezeka mbali zonse ziwiri, kuno ndi ku Mwami. Munthu woyenda wapansi amadindidwa n'kudutsa, pamene galimoto imafuna mapepala akeake, inshuwalansi yogwira ntchito ku Zambia ndi misonkho ina. Chipata chatsopano chimene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula mu December 2022 chinaika maofesi a mayiko awiriwa pamodzi kuti munthu asaime kawiri, ndipo pali ndondomeko ya COMESA yofewetsera mapepala a amalonda ang'onoang'ono. Anthu asanu kubwereka pikiapu imodzi yodzatenga katundu wawo yense pa boda, m'malo moti aliyense alimbane ndi kabaza wakewake, mtengo wa thumba lililonse umatsika.

Amene amakapikula ku Kariakoo anaona basi zazitali za mwendokasi zimene zinayamba mu 2016 ku Dar es Salaam, zoyenda mu msewu wakewake pamene galimoto za mabwana zili pa mdipiti. Ku America, kumene galimoto zili mbwee, misewu ina ili ndi mbali yosungira galimoto zonyamula anthu awiri kapena kuposa, ndipo woyenda yekha akalowamo amalipitsidwa. Olemera akuthawa kuyenda okha, ife a ndalama yofooka ndi mafuta osowa ndiye tikuthamangirako. Mwaiwala mizere ija ya mu 2022 ndi 2024, anthu kugona pamalo omwetsera mafuta masiku awiri okala ili chitsekere?

Chimene chimandipweteka mtima ndi njanji. Inafika kuno ku Mchinji cha m'ma 1980, ndipo mu 2010 anailumikiza mpaka ku Chipata, atsogoleri n'kudula riboni, ng'oma zikulira. Imadutsa pafupi ndi midzi yathu kuloza ku Kanengo, koma sitima yonyamula anthu inatsalira kumwera, cha ku Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Sitima imodzi ya m'mawa ndi ina ya madzulo ikananyamula amalonda a m'minibasi makumi angapo, mabelo ndi matumba awo omwe, pa mtengo umene mayi wa zitumbuwa angakwanitse. Aphungu ndi makhansala a kuno akabwera pa msika kudzagawa nsalu ndi malonjezo, tiwafunse za sitimayo, atiuze chaka ndi mwezi.