Mmene Madzi Amazunguzira Magudumu a Magetsi

Ana inu a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga, getsi limene mumawerengera madzulo limayaka chifukwa cha gudumu lozungulira kutali ndi Lusaka. Gudumulo limatchedwa tabaini. Madzi amalikankha, ilo limazunguza jenereta, ndipo jenereta imatulutsa magetsi.

Asanasankhe tabaini, amisiri amafunsa mafunso awiri: kodi madzi akugwa kuchokera pamwamba motani, nanga ndi ochuluka bwanji? Mayankho ake ndiwo amatipatsa mitundu itatu.

Woyamba ndi wa Pelton, umene Lester Pelton wa ku America anaulembetsa m'chaka cha 1880. M'mphepete mwa gudumu lake muli timbale tonga zipande. Madzi ochepa otsika m'phiri lalitali amatulukira pa kabowo mwa liwiro, namenya timbaleto. Mtunduwu ngwofala m'mapiri a ku Switzerland ndi Norway.

Wachiwiri ndi wa Francis, wotchedwa dzina la James Francis. Gudumu lake limamira lonse m'madzi, m'kati mwa chitsulo chopindika ngati chigoba cha nkhono. Madzi amalowera m'mbali zonse, nakankha zipsepse za gudumu, kenaka natulukira pansi. Umenewu ndiwo uli ku Kariba, kumene khoma la mamita 128 linatha kumangidwa mu 1959. Ku Kafue Gorge ya kumtunda kuli magudumu otere asanu ndi limodzi pansi pa nthaka.

Wachitatu ndi wa Viktor Kaplan wa ku Austria, wa m'chaka cha 1913. Umafanana ndi pulopela ya boti, ndipo umayenera madzi ambiri ogwa pafupi. Zipsepse zake zimapendeka malinga ndi kuchuluka kwa madzi. Ku Itezhi-Tezhi kuli awiri otere, amene anayamba ntchito mu 2016.

Aphunzitsi, thandizani ana kupanga gudumu la phesi la chimanga, nimulitsanulire madzi a m'chikho. Yambirani pafupi, kenaka kwezani dzanja. Pomaliza chepetsani madziwo. Ana anene okha zimene aona.

Chikho chikauma, gudumu limaima. Chilala cha mu 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, mabanja a mu Lusaka ankakhala maola ambiri opanda magetsi, ndipo ana ambiri anawerengera kandulo. Tabaini ilibe mphamvu yakeyake; imangolandira ya madzi. Choncho muzizimitsa getsi m'chipinda mopanda munthu.