Khutu limanama m'nkhungu: zimene wofuna kuphunzira kuyendetsa ndege ayenera kudziwa

Chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa pa 10 June 2024, imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, makolo ena kuno ku chigwa cha Shire safunanso kumva mwana akunena kuti akamaliza Fomu 4 akufuna kuphunzira kuyendetsa ndege. Komatu ana ake ndi omwewa amene akula akuona ndege zing'onozing'ono zikuuluka m'munsi kupopera mankhwala m'minda ya nzimbe ku Nchalo, zina zikutsitsa alendo ku Majete. Madzi atasefukira mu 2015, 2019 ndi 2023 anaona mahelikopita akutera ku Bangula ndi ku Makhanga, misewu itaduka. Mwana woteroyo simungamuletse kulakalaka ntchitoyi.

Mantha a makolowo ndi omveka. Chimene chimanditopetsa ine ndi nkhani imene imakambidwa m'maminibasi ndi pa WhatsApp, yoti woyendetsa ndege wodziwa ntchito sangagonje ndi nkhungu chabe, chifukwa ati ndege amaimva m'thupi mwake. Ena amapitirira pamenepo n'kumati amene amatha ntchitoyi ndi okhwima, ndipo ndege ikagwa ndiye kuti pali amene waikoka. Akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU, amene anafufuza za ndege ya Dornier 228 imene inagwa ku Chikangawa ija, anapeza kuti oyendetsawo anapitiriza ulendo akuuluka m'munsi nyengo itaipa, analowa m'mitambo mmene samatha kuona kunja, ndipo anakagunda phiri. Komiti imene boma linakhazikitsa nayo inaloza ku nyengo ndi kulakwitsa kwa anthu. Mabanja oferedwa ali ndi ufulu wonse wofunsabe mafunso, ndipo sindikuwatsekera pakamwa. Koma bodza loti nkhungu ndi kanthu kakang'ono liyenera kutha, chifukwa mwana wopita kusukulu ya ndege ali ndi maganizo amenewa akupita kukadzipha.

Munthu amadziwa kuti waima chilili kapena wapendekera chifukwa cha zinthu zitatu: maso, khutu la m'kati, ndi mmene thupi likutsamira pansi kapena pampando. Pa zitatuzi, maso ndiwo amalamula. Mukawachotsa, mumatsala ndi mboni ziwiri zimene m'ndege sizinena zoona.

M'kati mwenimweni mwa khutu, kupitirira kachikopa kamene kamagwira mawu, muli timachubu titatu tokhota mozungulira, todzaza ndi madzi. Kamodzi kanagona, tiwiri tinaimirira, ndipo kalikonse kanaloza kwake, kuti mutu ukatembenukira kumbali, ukawerama, kapena ukapendekera paphewa, pakhale kachubu komva zimenezo. Patsinde pa kachubu kalikonse pali timaubweya tosaoneka ndi maso, tomira m'kanthu kofewa. Mutu ukayamba kutembenuka, kachubu kamayenda nawo koma madzi amatsalira, ndiye amapinda timaubweya tija, ndipo ubongo umalandira uthenga woti tikukhota. Tengani ndowa ya madzi muyambe kuizunguza: poyamba ndowa imayenda madzi ali phee, mukapitiriza madzi amayamba kuyendera limodzi ndi ndowa, ndipo mukaimitsa ndowayo madzi amapitirizabe kuzungulira okha. Vuto lonse lagona pamenepa. Khutu limamva kuyamba ndi kuleka kwa kutembenuka. Kutembenuka kumene kukungopitirira pa liwiro limodzi silikumva. Pakangotha masekondi pafupifupi 20 ndege ikukhota mofanana, madzi aja amafika poyendera limodzi ndi timachubu, timaubweya timawongoka, ndipo ubongo umauzidwa kuti zonse zili bwino, tikupita molunjika, pomwe phiko lina lili pansi lina m'mwamba. Woyendetsayo akawongola ndege, madzi amapitirira ulendo wawo, ndiye amamva ngati wapendekera mbali inayo, ndipo dzanja lake limafuna kubwezera ndege mmene inali molakwika muja. Palinso china: ndege ikamapendekera pang'onopang'ono, mosafika madigiri awiri pa sekondi, khutu silimva kalikonse kuyambira pachiyambi.

Mwina mukuti, nanga mpando? Munthu sangamve kuti akutsetserekera mbali imodzi? Ayi. Ndege ikamakhota bwinobwino, mphamvu ya kukhotako imakanikizira munthu pampando molunjika, moti ngakhale madzi a m'botolo sapendekera. Chotsatira chake ndi ichi: ndege yopendekera imayamba kuweramitsa mphuno, liwiro limakwera, woyendetsa amaona kuti akutsika ndipo amakokera chiwongolero kwa iye kuti akwere. Koma poti mapiko ngopendekera, kukokako kumangothinitsa kuzungulirako, ndipo ndege imatsika msanga koposa. Iye mpaka mphindi yomaliza amakhala akukhulupirira kuti akuchita zoyenera.

Pafupi ndi timachubu tija palinso timatumba tiwiri momwe muli timiyala ting'onoting'ono togona pa timaubweya tina. Ntchito yake ndi kumva komwe kuli pansi. Ndege ikamawonjezera liwiro ponyamuka, timiyalati timatsetserekera kumbuyo, ndendende mmene timachitira munthu akayang'ana kumwamba. Masana palibe vuto, maso amakonza. Usiku wopanda mwezi, munthu akunyamuka kuloza kumene kulibe nyale ngakhale imodzi, monga pamwamba pa dambo la Elephant Marsh, amamva ngati ndege yakweza mphuno mopitirira, ndiye amaikankhira pansi ndege imene inali kukwera bwino.

Zimenezi sizinayambe kudziwika dzulo. Dokotala wa ku Austria, Robert Bárány, analandira mphoto ya Nobel ya 1914 chifukwa cha kafukufuku wake pa khutu la m'kati, ndipo mpando wozungulira wotchedwa dzina lake ukugwirabe ntchito pophunzitsa oyendetsa ndege: amakukhazika, amakutseka m'maso, amakuzunguza, n'kukufunsa kumene ukulowera. Mu 1954 yunivesite ya Illinois ku America inayesa oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka podalira zida zokha. Atawatsekera kuti asaone kunja, onse analephera kuilamula ndege, ndipo pa avereji zinawatengera masekondi 178 okha. Mphindi zitatu sizinakwane. John F. Kennedy Jr., mwana wa mtsogoleri wakale wa America, anali ndi laisensi, ndalama ndi ndege yabwino, koma pa 16 July 1999 anagwera m'nyanja pafupi ndi Martha's Vineyard usiku wa chifunga, ndipo ofufuza anati anasokonekera motere. Kodi onsewa anawalodza ndani? Khutu la kaputeni wa zaka makumi atatu pantchito ndi la mwana wa sukulu n'chimodzimodzi. Kusiyana kwawo n'koti kaputeni anaphunzira kukana zimene thupi likumuuza n'kukhulupirira chida chimene chimaonetsa mmene mapiko alili, ngakhale m'mimba mukumuuza zina.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri kunoko chifukwa cha mmene dziko lathu linakhalira. Chigwachi ndiye malo otsikitsitsa m'Malawi muno. Kumunsi kwa Nsanje, komwe Shire amalowera ku Mozambique, ndi mamita 37 okha kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Bwalo la Chileka lili pamtunda wa mamita oposa 700, ndipo pakati pake pali mapiri a Thyolo ndi chitunda chimene tonse timachidziwa tikamakwera kuchokera pa Thabwa. Kuyambira May mpaka August, chiperoni chochokera ku Mozambique chimatha kukuta mapiriwo pomwe ku Nchalo dzuwa likuswa mtengo. Wophunzira amanyamuka kuli ngwee, ndipo posakhalitsa akupeza mtambo watsika, mtunda wakwera, mpata wapakati ukuchepa. September ndi October amabwera ndi utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi, moti malire a dziko ndi thambo saoneka ngakhale kulibe mtambo. Ngozi ya m'mapiri imadza pawiri: kugunda mtunda umene sukuuona, monga zinachitikira ku Chikangawa, kapena kulowa m'mtambo n'kunamizidwa ndi khutu. Mankhwala ake ndi amodzi, ndiwo kubwerera msanga. N'chifukwa chake malamulo a bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO amafuna kuti wophunzira aliyense, asanalandire laisensi yoyamba, aphunzitsidwe kutembenuza ndege kuti ibwerere kumene yachokera akuyang'ana zida zokha. Phunziroli ndi lothawira basi. Silipatsa munthu chilolezo cholowa m'mitambo dala.

Tsopano mukumvetsa chifukwa chake dokotala woyeza oyendetsa ndege amafunsa mafunso amene ena amawaona ngati achabechabe. Kwinini, amene ambiri kuno tinamwapo kapena kubayidwa pa malungo, amaliza makutu ndi kuchititsa chizungulire. Mefloquine, mankhwala ena a malungo, saloledwa kwa woyendetsa ndege. Piritoni wa chimfine amagonetsa. Mowa umalowerera mpaka m'khutu la m'kati n'kusintha kulemera kwa kanthu kofewa kaja poyerekeza ndi madzi, ndipo chisokonezocho chimatha kukhalapo mpaka tsiku lotsatira, munthu akudziona kuti ali bwino. Lamulo lodziwika ndi maola osachepera asanu ndi atatu kuchokera pa botolo lomaliza, koma wamatsire sayenera kuyandikira ndege ngakhale maolawo atakwana. Chimfine nacho si chocheza nacho. Mukamatsikira ku chigwa pa minibasi kuchokera ku Blantyre makutu amatseka, mumameza malovu n'kutseguka. Kanjira kochokera kukhosi kupita kukhutu ndi kamene kamalowetsa mpweya. Chimfine chikakatseka, ndege ikamatsika ululu wake umachititsa munthu kuiwala zimene akuchita, ndipo kachikopa ka m'khutu kamatha kung'ambika.

Magazi amawayezanso. Malungo obwerezabwereza ndi likodzo, matenda a tsiku ndi tsiku m'mbali mwa Shire, amachepetsa magazi, ndipo wochepa magazi amayamba kusowa mpweya wabwino msanga kuposa anzake. Munthu wathanzi amayamba kufuna okosijeni wowonjezera akamapitirira mamita 3,000, utali wa nsonga ya Sapitwa. Kusowa mpweyaku sikupweteka ayi. Munthu amangoganiza mochedwa uku akudzimva kuti zonse zikuyenda.

Zoti wovala mandala sangayendetse ndege ndi zabodza, ndipo zalepheretsa ana ambiri kuyesa n'komwe. Chofunika n'choti uziona bwino utavala mandalawo, ndi kukhala ndi ena apadera m'thumba. Chimene chimagwetsa anthu mosayembekezera ndi kusasiyanitsa mitundu, makamaka chofiira ndi chobiriwira, vuto lobadwa nalo limene limapezeka kwambiri mwa amuna ndipo ambiri sadziwa kuti ali nalo. Nyale ya phiko lakumanzere ndi yofiira, ya lakumanja ndi yobiriwira, ndipo usiku ndi zimene zimakuuza kumene ndege inzake ikulowera. Khunyu ndi chopinga chachikulu. BP ndi shuga zimadalira mmene zikulamulidwira ndi mankhwala amene munthu akumwa. Kukhala ndi HIV pakokha sikutseka khomo pa malamulo a ICAO, bola madokotala atsimikize kuti munthuyo ali bwino.

Kutentha kwathu nako kumalowa m'masamu. Mu October ndi November ku Ngabu ndi ku Nsanje kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Mpweya wotentha ndi wopepuka, mapiko ndi injini sizipeza chogwira chokwanira, moti pa tsiku lotero ndege yonyamuka ku Nchalo imachita ngati ili pabwalo lokwera mamita pafupifupi 900 kuposa pamene ilidi. Imathamanga mtunda wautali isanadzuke ndipo imakwera mwaulesi, mapiri ali kutsogolo. Woyendetsa amene wakhala m'kachipinda kagalasi kotentha osamwa madzi ndiye amene akuyenera kuwerengera zonsezi.

Za laisensi yake n'zachidule. ICAO imati munthu akhale wa zaka 17 kapena kuposa, auluke maola osachepera 40, khumi mwa amenewo ali yekha, kuphatikizapo ulendo wa makilomita 270 wotera pamabwalo awiri osiyana. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amakaphunzira, amafuna maola 45. Pali mayeso olemba a zanyengo, malamulo, kapezedwe ka njira ndi thupi la munthu, komanso Chingerezi cholankhulira pa wailesi. Laisensi yoyambayi si yolembedwera ntchito. Amene amapopera nzimbe kapena kunyamula alendo ali ndi ina ya maola ochuluka kwambiri. Amalawi anaidutsa njirayi: mu 2017 Kaputeni Yolanda Kaunda ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege ya Malawian Airlines kupita ku Dar es Salaam, ogwira ntchito onse m'ndegemo ali amayi.

Makolo amene mukuganiza zogulitsa ng'ombe kuti mwana akaphunzire, yambani mwafunsa ku Malawi Civil Aviation Authority za dokotala wovomerezeka, ndipo mwanayo akayezedwe maso, makutu, mtima ndi magazi musanalipire sukulu iliyonse ngakhale tambala imodzi.