Mwana wamaliza sukulu ya akaunti? Ntchito ya zamisonkho ili pamsika pomwe pano

Ambiri mwa inu mwaphunzitsa ana ndi ndalama ya tomato, kaunjika, usipa ndi mbatata. Ena mwa anawo adatenga dipuloma kapena digiri ya zowerengera ndalama ku MUBAS, ku Malawi College of Accountancy ndi m'sukulu zina, koma lero ali pakhomo kudikira foni yowaitanira ku intavyu. Sabata ino tisiye kaye mitengo ya katundu, tikambirane ntchito imodzi imene mwana wotere angaiyambe ndi mpamba wochepa, yomwe ndi kulangiza anthu pa zamisonkho. Nkhaniyi ikukukhudzani pawiri, chifukwa ndinu makolo a anawa komanso ndinu makasitomala awo oyamba.

Amagwira ntchito yanji?

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu. Tikiti imene mumadula pamsika tsiku ndi tsiku ndi ya khonsolo. Laisensi ya golosale nayo ndi nkhani ina. Msonkho umene tikunena pano ndi wa boma, womwe amatolera a Malawi Revenue Authority, MRA mwachidule. Geni ikamakula, mukayamba kupereka nyemba kusukulu yogonera konko, kulemba antchito kapena kuoda katundu kunja, m'pamene mumakumana ndi bungweli maso ndi maso.

Mlangizi wa zamisonkho amaima pakati pa inu ndi malamulo amenewa. Amakuthandizani kulembetsa kuti mukhale ndi nambala ya wokhoma msonkho yotchedwa TPIN. Amakuuzani mtundu wa msonkho umene ukukhudza bizinesi yanu ndi umene sukukukhudzani. Amasonkhanitsa malisiti, n'kuwerengera zimene mwagulitsa ndi zimene mwawononga, kenako n'kutumiza malipoti kudzera pa Msonkho Online nthawi isanadutse. A MRA akabwera kudzafufuza mabuku, iye amakhala nanu n'kufotokoza manambala.

Masiku ndiwo mtima wa ntchitoyi. Msonkho wodula pamalipiro a antchito, PAYE, umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Lipoti la VAT limayenera kulowa pofika pa 25 mwezi wotsatira. Lipoti la chaka la msonkho wa phindu lili ndi masiku 180 kuchokera pamene chaka cha mabuku a bizinesi chatha. Wochedwa amalipira chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndalama yomwe ikadagula katundu wina wapashelefu.

Kumene ndalama zanu zimatayika

Kuti muone phindu la munthu wodziwa zimenezi, taonani zitsanzo ziwiri. Manambalawa ndi ongoyerekeza.

Choyamba ndi withholding tax, msonkho umene wogula amadula asanakulipireni. Tiyerekeze kuti mayi wina wapereka chimanga cha K2,000,000 kubungwe lina, ndipo bungwelo ladula K60,000 n'kukapereka ku MRA m'dzina lake. Mayiyo amangodandaula kuti amudula, nkhani n'kuthera pomwepo. Chonsecho K60,000 ija ndi msonkho wake womwe walipiriratu. Akatenga satifiketi yosonyeza kuti adadulidwa, ndalamayo imachotsedwa pamsonkho umene akuyenera kulipira pakutha pa chaka. Wopanda satifiketi, kapena amene adapereka TPIN yolakwika, amavutika kutsimikiza kuti adalipirapo kale.

Chachiwiri ndi VAT. Bizinesi yolembetsedwa pa VAT imatolera msonkhowu kwa ogula, koma imaloledwa kuchotsapo VAT imene iyo idalipira pooda katundu. Ngati mwini hadiweya watolera K200,000 mwezi uno ndipo adalipira K160,000 pooda simenti ndi malata, ku MRA akapereka K40,000. Koma ngati adaoda popanda lisiti lovomerezeka la VAT, alibe umboni wa K160,000 ija, ndipo K200,000 yonse imufunika. Lisiti limodzi lotayidwa m'thumba la jumbo litha kudya phindu la mwezi wathunthu.

Mwana amene angapulumutse wamalonda ku zinthu ngati izi sadzasowa ntchito.

Ayambire pati?

Pepala la kusukulu palokha silikwanira. M'kalasi amaphunzira malamulo, koma sanaonepo mabuku a munthu amene amasakaniza ndalama ya geni ndi ya ndiwo m'thumba limodzi. Choncho ayambe ndi kuphunzira pansi pa wina. Makampani akuluakulu monga Deloitte, EY ndi Grant Thornton amatenga achinyamata ongomaliza kumene, koma malo amakhala ochepa. Kuli maofesi ang'onoang'ono a maakauntanti ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo kumeneko wophunzira amagwira chilichonse, kuyambira kusanja malisiti mpaka kuperekeza bwana ku MRA. Ngakhale malipiro atakhala ongokwanira thiransipoti ndi nkhomaliro, chaka chimodzi kapena ziwiri zotere zimamupatsa zimene sukulu sidamupatse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kachiwiri, asasiye mayeso. Bungwe la maakauntanti m'dziko muno, ICAM, lili ndi mayeso ake a ukatswiri, ndipo ena amalemba a ACCA. Kukhala membala wa bungwe lotere kumatanthauza kuti pali malamulo a khalidwe omwe akumumanga, ndipo kasitomala wolakwiridwa ali ndi kokadandaula. Makolo, ngati mungathe kuthandizapo pa fizi ya mayesowa, thandizani. Imeneyo ndi mbali ya mpamba wake.

Kachitatu, aziwerenga malamulo enieniwo: lamulo la msonkho wa phindu, lamulo la VAT, lamulo la kasitomu, komanso lamulo la kayendetsedwe ka misonkho la 2021. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, mitengo ya misonkho ndi malire ake zimatha kusintha. Mlangizi amene akugwiritsa ntchito manambala a chaka chatha ali ngati wogulitsa amene sadamve kuti mtengo wa shuga wakwera kooda.

Makasitomala oyamba

Makampani akuluakulu ali kale ndi owalangiza. Amene alibe wowathandiza ndi eni magolosale, mahadiweya, zigayo, malo odyera, ma minibasi ndi amayi opita ku Tunduma, ku Chipata kapena ku Joni kukaoda katundu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana ayambe ndi mabuku a bizinesi ya pakhomo pake. Agule kope, alembe tsiku lililonse zooda, zogulitsa, ngongole ndi ndalama imene mwini watapa kukagwiritsa ntchito kunyumba. Pakatha miyezi itatu, azitha kuuza mayi ake phindu lawo lenileni. Mayiwo akakhutira, mbiri imayenda yokha kuchoka pabenchi ina kufika pa ina.

Khomo lina ndi la ofuna matenda. Wofuna kugulitsa katundu kuboma kapena kumabungwe akuluakulu amafunsidwa satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Amalonda ambiri amakumbukira pepalali tsiku lotsekera tenda litayandikira, pomwe malipoti a miyezi yambiri sadatumizidwe. Wachinyamata amene amasunga zonse m'malo mwake chaka chonse amakhala wofunika kwambiri nthawi imeneyo.

Zida zoyambira si zambiri: laputopu, bandulo ya intaneti, mafayilo osungira mapepala ndi kalendala yolembapo masiku a kasitomala aliyense. Ofesi ingadikire. Koma iye mwini alembetse bizinesi yake, akhale ndi TPIN yake, azipereka lisiti pa ndalama iliyonse imene walandira. Wolangiza ena za msonkho pomwe wake sakhoma, ndani angamukhulupirire?

Pa malipiro, ndi bwino kugwirizana mtengo wa pamwezi wolingana ndi kukula kwa ntchito, n'kuulemba papepala lomwe onse awiri asainira. Makasitomala khumi olipira pang'onopang'ono mwezi uliwonse amaposa mmodzi wolipira zambiri kamodzi pachaka. Apewe kulipiritsa potengera kuchuluka kwa msonkho umene wachepetsa, chifukwa njira imeneyo imakokera munthu kubodza.

Mayesero alipo

Tsiku lina kasitomala adzanena kuti, "Mwana wanga, ingochepetsako manambalawo, ndikuganizira." Wina adzafuna malisiti opeka. Wina adzati akudziwa munthu wamkati yemwe angafufute ngongole. Pali kusiyana pakati pa kugwiritsa ntchito mwayi umene lamulo lapereka, monga kuchotsera lendi ya shopu, malipiro a antchito ndi thiransipoti ya katundu, ndi kubisa zimene mwagulitsa. Choyambacho ndiyo ntchito yake. Chachiwiricho ndi mlandu, ndipo ukaululika umagwera onse awiri. Wachinyamata amene dzina lake laipa ali ndi zaka 25 adzavutika kulitsuka moyo wake wonse. Aphunzirenso kusunga chinsinsi. Zimene waona m'mabuku a bambo a hadiweya zisakamveke kubawo.

Akakumana ndi nkhani yomukulira, monga mkangano waukulu ndi MRA kapena katundu wogwidwa pachipata cha Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, aitumize kwa akuluakulu a ntchitoyi. Kuombola katundu pachipata ndi ntchito ya maejenti a kasitomu okhala ndi chilolezo chawochawo.

Kwa inu amene mukufuna kulemba mlangizi

Madobadoba aliponso pankhani ya misonkho, choncho chenjerani. Funsani mapepala ake a sukulu ndi bungwe limene ali membala. Funsani amalonda awiri kapena atatu amene adawathandizapo. Kulembetsa TPIN ku MRA n'kwaulere, ndiye mukamulipira dziwani kuti mukulipira thukuta lake lokha. Ndalama ya msonkho musamupatse pamanja. Iye akutulutsireni nambala yolipirira, inu mukalipire nokha kubanki, lisiti musunge. Lipoti lililonse akuwerengereni ndi kukufotokozerani asanalitumize, chifukwa pamaso pa lamulo mwini msonkho ndinu, ndipo zikalakwika a MRA adzagogoda pakhomo panu.

Ndipo mumuthandize kuti akuthandizeni. Pezani katoni kapena fayilo, lisiti lililonse looda, la lendi, la magetsi ndi la thiransipoti liziponyedwa m'menemo tsiku lomwelo. Ndalama ya geni izikhala payokha, ya pakhomo payokha. Ngati muli ndi mwana wa akaunti amene akungokhala, mupatseni katoniyo mawa m'mawa ayambe kusanja.